ZA M'MAIKO AKUTALI: Kodi cipupa n'ca yani m'tinjira ta Melbourne?

Madzulo a tsiku la Ciweru, pa 8 Febuluwale 2020, kagulu ka anthu obisa nkhope kanalowa m'kanjira kochedwa Hosier Lane, pakati peni-peni pa mzinda wa Melbourne m'dziko la Australia. Ananyamula zitini zikulu-zikulu zija zozimira moto, koma m'kati mwake munalibe mankhwala a moto ai. Munali penti. Pa mphindi zowerengeka cabe anthuwo anapopera penti wa mitundu-mitundu pa zipupa za mbali zonse ziwiri ndi pa miyala ya pansi pomwe, nakwirira zithunzi zimene alendo ocokera m'maiko akutali amabwera kudzaona. Odutsa anangoti kukamwa yasa, ena akujambula zocitikazo ndi mafoni ao. Atatha nchito yao, obisa nkhopewo anamwazikana.

Meya wa mzindawo pa nthawiyo, Mai Sally Capp, anadzudzula mcitidwewo nati kunali kuononga, ndipo nkhaniyo inaperekedwa m'manja mwa apolisi. Anchito anatumizidwa kukatsuka miyala ya pansi. Koma codabwitsa n'cakuti ena mwa eni ake a luso lojambula pa zipupa anakana kukhala nao pa maliro amenewa. Iwo anati palibe cacilendo cimene cinacitika, popeza m'kanjirako cithunzi ciri conse cimajambulidwa pamwamba pa cinzake, ndipo wojambula lero amadziwa kuti mawa wina adzafafaniza nchito yake. Ena anafika ponena kuti Hosier Lane inali itasanduka msika wa alendo ndi wa eni masitolo, motero inafunika kugwedezedwa pang'ono. Pasanapite masiku ambiri, zithunzi zatsopano zinali zitayamba kale kumera pamwamba pa penti uja.

Kwa munthu wakutali mkangano umenewu ungaoneke ngati wa ana olimbirana makala olembera pa cipupa. Koma pali zambiri. Hosier Lane ndi kanjira kakafupi ndi kopapatiza, kamene munthu angakathe m'mphindi ziwiri kapena zitatu. Komabe ndi amodzi mwa malo amene alendo ofika ku Melbourne amafunitsitsa kuona, ndipo zithunzi zake zakhala zikusindikizidwa m'mabuku oitanira alendo. Pa nthawi imodzi-modziyo, lamulo la cigawo ca Victoria, cimene Melbourne ndi likulu lake, limati munthu wojambula pa cipupa ca mwini popanda cilolezo angathe kuikidwa m'ndende kufikira zaka ziwiri. Dzanja lomwelo ndi kacitini komweko ka penti, pano mzinda ukunyadira, apo wapolisi akumanga. Kuti munthu amvetse m'mene zinafikira pamenepa, ayenera kubwerera ku ciyambi ca tinjirato.

NJIRA ZA USIKU

Azungu anafika m'mphepete mwa mtsinje wa Yarra m'caka ca 1835, pa dziko limene eni ake anali a Wurundjeri ndi mafuko anzao. M'caka ca 1837 Bambo Robert Hoddle, woyeza malo, anajambula mapu a tauni yatsopano: miseu yoongoka yopingasana ngati ukonde, uli wonse wotambalala mafiti 99. Bwanamkubwa Richard Bourke anafuna kuti pakati pa miseu ikulu-ikuluyo pakhale ina ing'ono-ing'ono yolowera kumbuyo kwa nyumba, ndipo imeneyi inapatsidwa mafiti 33. Ndiyo imene lero ikudziwika ndi maina monga Little Collins Street, Little Bourke Street ndi Flinders Lane.

Tinjira topapatiza kwambiri sitinali pa mapu a Hoddle. Tinaculuka ndi golidi. Pamene golidi anapezeka m'Victoria m'caka ca 1851, anthu anakhamukira ku Melbourne ngati inswa pa nyali, malo anakwera mtengo, ndipo eni mapuloti anapitiriza kuwadula-dula kuti agulitse tizidutswa. Kadutswa kali konse kanafuna polowera, motero panatsala timipata pakati pa nyumba. M'menemo ndi m'mene munali kudutsa ngolo za katundu, m'mene munali kutayidwa zinyalala, ndiponso m'mene anchito a usiku anali kutulutsira mabakete a m'zimbudzi, pakuti mipope yocotsera zonyansa inayamba kugwira nchito mumzindawo m'caka ca 1897. Acikulire amene anakhalapo m'matauni a m'Zambia nthawi ya zimbudzi za mabakete akudziwa bwino mtundu wa njira zimenezi, popeza Angerezi anali kumanga matauni ao mofanana kuli konse kumene anapita. Zinali njira zimene munthu wolemekezeka sanali kufuna kuonedwamo.

Kwa zaka zambiri dera la Flinders Lane linali cimake ca osoka ndi ogulitsa zovala, ndipo nyumba zambiri za njerwa za m'deralo zinali mafakitale ndi mosungira katundu. Itatha nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, mabanja anayamba kusamukira kunja kwa tauni, kumene kunali mabwalo ndi malo oimika galimoto. Mafakitale nawo anatsatira, ena anatsekedwa. Pakati pa mzinda panatsala maofesi, ndipo ikangokwana 5 koloko madzulo anthu anali kuthamangira ku sitima, kusiya miseu iri zii. M'caka ca 1978 katswiri wa zomanga-manga, Bambo Norman Day, analemba m'nyuzipepala ya The Age kuti pakati pa Melbourne panali pabwinja popanda phindu. Tinjira tina tinagulitsidwa kwa omanga nyumba zazitali ndipo tinazimirira. Totsalato tinakhala mosungira migolo ya zinyalala.

KUBWEZA ANTHU M'TAUNI

Mmodzi mwa anthu amene anatembenuza zinthu ndi Bambo Rob Adams, katswiri wa mapulani a mizinda amene anakulira ku Zimbabwe naphunzira ku Cape Town asanakalowe nchito ku Khonsolo ya Melbourne m'zaka za m'ma 1980. Maganizo a iwo ndi anzao anali osavuta kumva: tauni imene mulibe ogonamo ndi tauni yakufa. M'caka ca 1992 Khonsolo inayambitsa cikonzero cochedwa Postcode 3000, colimbikitsa eni maofesi ndi mafakitale opanda anthu kuwasandutsa nyumba zogonamo. Inakulitsa njira za oyenda pansi m'mbali mwa miseu, inabzala mitengo, niika nyali. Boma la Victoria nalo linafewetsa malamulo a malaisensi a zakumwa, kotero kuti munthu wa ndalama zocepa anatha kutsegula kamalo ka khofi kapena kabawa m'cipinda cimene kale cinali cosungiramo makatoni.

Khonsoloyo inacitanso cinthu cimene makhonsolo ambiri amacinyalanyaza: inawerenga. Mothandizidwa ndi Bambo Jan Gehl a ku Denmark, inatumiza anthu kukaima m'miseu m'caka ca 1993 nawerenga oyenda pansi, okhala pa mabenchi ndi odyera panja, nibwerezanso m'caka ca 2004. Zinapezeka kuti ogona pakati pa mzinda, amene anali pafupi-fupi 1,000 mu 1992, anaposa 9,000 pofika mu 2002, ndipo malo odyera a mipando ya panja anacoka pa 95 kufika pa 356. Tinjira monga Degraves Street, Centre Place ndi Hardware Lane tinadzaza matebulo. Mfundo imeneyi njofunika kuigwiritsa, cifukwa nkwapafupi kwa mlendo kuona zithunzi zokha nabwerera kwao akuganiza kuti mankhwala a tauni yakufa ndi penti. Penti payekha sacotsa fungo la mkodzo, ndipo saunikira mumdima. Cinayamba ndi anthu ogonamo, nyali ndi kucotsa zinyalala.

OJAMBULA SANAITANIDWE

Zithunzizo sizinali m'mapulani a Khonsolo. Zinadza zokha, kawiri-kawiri usiku. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1980 acinyamata a ku Melbourne anatengera mcitidwe wa anzao a ku New York wolemba maina ao odzipatsa okha pa sitima ndi pa zipupa za m'mbali mwa njanji. M'caka ca 1984 kunafika Keith Haring, mnyamata wa ku America amene anachuka pojambula ndi coko m'masiteshoni a sitima za pansi pa nthaka. Iye anajambula cipupa cathunthu ca sukulu ya zaumisiri ku Collingwood, kufupi ndi tauni, tsiku limodzi lokha, ana a sukulu akuonerera: m'munsi tianthu tambiri-mbiri tovina, pamwamba cinyama conga bongololo ca mutu wa kompyuta.

M'caka ca 1996 Bambo Andy Mac anapacika mabokosi a nyali m'kanjira ka Centre Place, m'mene zithunzi za amisiri zinali kuoneka usana ndi usiku kwa ali yense wodutsa, popanda khomo kapena tikiti. Nchito imeneyi, yochedwa Citylights, inafika mu Hosier Lane m'caka ca 1998. Caka ca 2000 citangopita, kunabuka njira ina yojambulira imene inachukitsa Melbourne pa dziko lonse. Wojambula amatenga katoni kapena pepala lolimba kunyumba kwake, naboola-boola cithunzi cimene afuna ndi kampeni. Pofika pa cipupa amangogunditsa katoniyo, napopera penti, nacotsa. Pa kamphindi kocepa cithunzi catsala, mwini wake wapita. Njira imeneyi inakondedwa cifukwa ca liwiro lake, pakuti wocedwa pa cipupa ndiye amakumana ndi apolisi. Zambiri mwa zithunzi za nthawi imeneyo zinali za ndale, zotsutsa nkhondo ndi zoseka atsogoleri. Mu 2003 kunabwera Banksy, mmisiri wa ku England amene amagwira nchito mobisa nkhope, nasiya makoswe ake ndi tizithunzi tina m'tinjira tingapo. Mu 2004 mzindawo unaona cikondwerero cake coyamba ca zithunzi za mtundu umenewu.

Wolowa mu Hosier Lane kucokera ku Flinders Street, moyang'anana ndi bwalo la Federation Square, cimayamba kumlandira ndi fungo la penti. Palibe malo otsala. Zipupa, zitseko, mazenera, mipope, ngakhale migolo ya zinyalala, zonse n'zolembedwa. Pansi-pansi pali maina olembedwa mofulumira, opiringizika kotero kuti amawerenga ndi eni ake okha. Pamwamba pake pali zilembo zikulu-zikulu za mitundu yowala, nkhope za anthu, mbalame, zinyama za m'maloto, mapepala omatidwa ndi guluu, ndi mau odandaula za ndale za sabata imeneyo. Pena penti waunjikana kwa zaka kotero kuti amakanganuka ngati khungwa la mtengo. Cithunzi cimene mmisiri wacigwirira nchito tsiku lathunthu cingakhale mwezi, cingakhale sabata, cingafafanizidwe usiku womwewo. Amene anapitako caka catha sanaone kanjira kamene adzaone wopitako mawa.

Sikuti m'menemo mulibe mwambo ai. Ojambula ali ndi malamulo ao osalembedwa, amene wamng'ono amaphunzira poyenda ndi wamkulu. Wofuna kukwirira cithunzi ca mnzake ayenera kuikapo cina coposa, kapena cofanana naco m'kukula ndi m'luso. Kulemba kadzina ka mphindi imodzi pa nkhope imene wina anaicezera ndi cipongwe cacikulu. Cithunzi cokumbukira mnzao womwalira amacilambalala kwa nthawi yaitali. Malamulo amenewa alibe bwalo la milandu, ndipo amaswedwa tsiku ndi tsiku, maka-maka m'kanjira kodzaza anthu monga Hosier Lane, kumene mlendo ali yense afuna kusiyako dzina lake ndi la bwenzi lake. Komabe ndi amene acititsa kuti zipupazo zisakhale matope okha-okha.

Pafupi pomwepo pali kanjira kena kamene kale kanali Corporation Lane. Mu 2004 Khonsolo inakapatsa dzina la gulu loimba la AC/DC, koma oyang'anira maina a miseu anakana kamzera ka pakati pa zilembozo, motero cikwangwani cimangoti ACDC Lane.

LAMULO LA NKHOPE ZIWIRI

Boma silinalandire alendo ausikuwa ndi manja awiri. Pokonzekera masewera a Commonwealth a m'caka ca 2006, zipupa zambiri, maka-maka za m'mbali mwa njanji, zinapakidwa penti kuti alendo apeze mzinda waukhondo. Caka cotsatira nyumba ya malamulo ya Victoria inakhazikitsa lamulo la Graffiti Prevention Act 2007. Kuonjezera pa ndende ya zaka ziwiri ija, lamulolo limati munthu wopezeka ndi kacitini ka penti wopopera pa sitima, pa siteshoni kapena pafupi napo popanda cifukwa comveka alipitsidwe, angakhale sanalembe kanthu. Limaletsanso masitolo kugulitsa tizitinito kwa ana osakwana zaka 18, pokha-pokha ngati ali ndi umboni wakuti n'ta ku nchito.

Koma m'caka comweco ca 2007 Khonsolo ya Melbourne inasonkhanitsa acinyamata oposa 50, a zaka za pakati pa 13 ndi 28, niwapatsa aphunzitsi, penti ndi kanjira kathunthu ka Union Lane, pakati pa masitolo akulu-akulu a Bourke Street, kuti ajambule zipupa zake zonse ziwiri. Mu 2008 a zokopa alendo anamanga cifaniziro ca kanjira ka Melbourne, ndi zolemba-lemba zake zomwe, ku Disney World m'dziko la America. Nduna yaikulu ya Victoria, Bambo John Brumby, atamva anakwiya nati zimenezo n'zonyansitsa mzinda, si zoonetsa kunja, ndipo cifaniziroco cinacotsedwa. Patangopita zaka ziwiri, mu 2010, nyumba yaikulu yosungira zaluso ya dziko lonse la Australia ku Canberra inaonetsa nchito za ojambula a m'miseu omwewo m'cionetsero cochedwa Space Invaders. Mwana wa ku Melbourne akadafunsa kuti kodi boma lifuna ciani kweni-kweni, sakadalakwa.

Khonsolo inayesa kudula malire motere: kulemba dzina cabe ndi kuononga, ndipo kumafafanizidwa, cithunzi cojambulidwa mwini cipupa atalola ndi luso, ndipo cimasiyidwa. Pa pepala malire amenewa ndi oongoka. Pa cipupa sali tero. Amisiri ambiri amene lero amalipidwa bwino kujambula nyumba zosanja anayamba ndi kulemba maina ao usiku m'mbali mwa njanji. Kumeneko ndi kumene dzanja linaphunzirira. Mzinda ufuna zipatso koma udana ndi mtengo wake. Komanso mwini sitolo ali ndi mlandu wake womveka. Iye sanapemphe munthu kuti amkongoletsere citseko, ndipo ndalama zotsukira zenera lake m'mawa uli wonse zimacoka m'thumba mwake. Amene amatamanda kwambiri ufulu wa ojambula kawiri-kawiri ndi aja amene cipupa cao sicinakhudzidwepo.

KHOSWE WA BANKSY

Vuto lina linadza pamene zithunzi za Banksy zinayamba kugulidwa ndi ndalama zoopsa ku London ndi ku New York. Mwadzidzidzi tizithunzi tija anasiya mu 2003 tinasanduka cuma. M'kanjira ka Cocker Alley munali kamunthu kovala cisoti ca omira m'nyanja, kochedwa Little Diver. Mu 2008 kanachingidwa ndi pulasitiki yoonekera kuti kasaonongeke. M'mwezi wa Disembala caka comweco wina anathira penti wasiliva kuseri kwa pulasitikiyo, penti nayenderera pa cithunzico kufikira cinatha, ndipo analembapo mau onyoza. Mu Epulo 2010 anchito otumidwa ndi Khonsolo kukayeretsa Hosier Lane anapaka penti pa khoswe wa Banksy wotsika ndi parachuti, osadziwa kuti akufafaniza cinthu ca mtengo wapatali. Khonsolo inavomera kulakwa kwake. Mu 2012 khoswe wina ku Prahran anabooledwa ndi oika mipope, ndipo mu 2016 tizithunzi tina mu ACDC Lane tinagwa pamodzi ndi njerwa pamene omanga anali kuboola khomo latsopano.

Anchito aja a mu 2010 sayenera kusekedwa. Anauzidwa kuti acotse zolembedwa popanda cilolezo, ndipo khoswe uja analidi wopanda cilolezo. Cimene cinamsiyanitsa ndi zina zonse ndi mtengo wa dzina la mwini wake ku misika ya kutali, ndipo mtengo umenewo sunalembedwe pa cipupa kuti wonyamula burashi auwerenge. Apa ndi pamene pagona funso lovuta kuyankha: cifukwa ninji khoswe wa mlendo achingidwe ndi pulasitiki pamene nchito ya mwana wa pakhomo ifafanizidwa popanda wolira?

Cipupa ca Haring ku Collingwood cinayenda njira ina. Mwini wake anamwalira mu 1990, ndipo mu 2004 cinalembedwa m'kaundula wa zinthu zosungidwa ndi lamulo m'Victoria. Koma dzuwa ndi mvula sizidziwa kaundula. Penti anafwifwa, ndipo panabuka mtsutso wa zaka zingapo: ena anafuna kuti cijambulidwenso ndi penti watsopano kuti ciwale monga kale, ena anati mukatero mwakwirira dzanja la Haring ndi dzanja la munthu wina. Potsiriza, mu 2013, katswiri wa ku Italy, Bambo Antonio Rava, anacitsuka mosamala nalimbitsa penti woyamba uja. Amai a kumidzi amene amakongoletsa zipupa za nyumba zao ndi mtsiro ndi katondo akadamva mtsutso umenewu akadadabwa. Iwo amadziwa kuti mvula ya dzinja idzatsuka maluwa ao onse, ndipo sadandaula, popeza cirimwe cikafika adzajambula ena. Cimene amasunga ndi luso la m'manja, limene mwana wamkazi amatengera kwa amake. Ojambula ambiri a m'tinjira ta Melbourne ali ku mbali ya amai amenewa.

Mu Ogasiti 2013 mmisiri wina, Bambo Adrian Doyle, anaonetsa zimenezi poyera. Atalandira cilolezo, anapaka kanjira konse ka Rutledge Lane, kamene kamapatuka mu Hosier Lane, penti wa mtundu umodzi wonga thambo: zipupa, pansi, zitseko ndi migolo yomwe. Anzao ambiri anawakwiyira cifukwa cokwirira nchito zao. Koma tsiku lomwelo lisanathe anyamata anali atafika kale ndi tizitini tao. Mu Novembala caka comweco Hosier Lane nayo inapakidwa penti wakuda mwadala, ndipo amisiri oposa 100 anaijambulanso mwatsopano.

WALIRA MVULA

Akulu anati walira mvula walira matope. Kuchuka kwa tinjirati kunabweretsa makamu a alendo, otsogolera alendo olipidwa, akwati odzajambulitsa zithunzi za ukwati, ndi makampani ofuna kuti malonda ao aoneke pa cipupa ca mitundu-mitundu. Nyumba zimene kale zinali mabwinja zinakwera mtengo, lendi nayo inakwera, ndipo amisiri amene anali kubwereka zipinda zochipa pakati pa tauni anayamba kukankhidwira kunja. Wogulitsa khofi amapindula, mwini hotela amapindula, Khonsolo imatolera misonkho. Wojambula cipupa cimene caitana anthu onsewo nthawi zambiri amagula penti ndi ndalama zake, napita kwao wopanda ngwee.

Palinso anthu ena amene sapezeka m'mabuku a alendo. Kwa zaka zambiri mu Hosier Lane momwemo bungwe la Youth Projects linasunga khomo lotsegula la malo ochedwa The Living Room, kumene anthu osowa pogona anali kukaonana ndi anamwino, kusamba ndi kucapa zovala. Anthu a mtundu umenewu anali m'tinjira ta Melbourne alendo asanatidziwe. Mlendo wokweza foni kuti ajambule nkhope ya pa cipupa kawiri-kawiri amasuntha pang'ono kuti nkhope ya munthu wamoyo wokhala pansi pa cipupaco isalowe m'cithunzi cake.

Mliri wa Covid-19 unaonetsa mbali ina. Mu 2020 ndi 2021 anthu a ku Melbourne anatsekeredwa m'nyumba masiku 262 onse pamodzi, ndipo pakati pa mzinda panabwereranso zii uja wa m'ma 1970. Pofuna kukopanso anthu, Khonsolo ndi boma la Victoria anayambitsa nchito yochedwa Flash Forward: tinjira 40 tosadziwika kweni-kweni tinaperekedwa kwa amisiri oposa 80 a zithunzi, a nyali ndi a nyimbo, ndipo ulendo uno analipidwa. Boma limene mu 2006 linali kugula penti wofafanizira, mu 2021 linali kulemba nchito ojambula. Lamulo la 2007 lija silinacotsedwe.

Pamwamba pa zonsezi, pa cipupa ca nyumba yosanja mu Hosier Lane, Bambo Matt Adnate anajambula mu 2014 nkhope ya mnyamata wa mtundu wa Aborigine, yotalika mamita 23. A Adnate nawonso anayambira pa kulemba zilembo m'miseu. Maso a mnyamatayo ayang'ana ca ku mtsinje wa Yarra, umene a Wurundjeri amaucha Birrarung, kumene eni dziko anali kusonkhana Hoddle asanabwere ndi unyolo wake woyezera malo. Penti wa obisa nkhope aja a mu 2020 anathera m'munsi, kumeneko sanafikeko.